Masiku atatu ku Jaisalmer: kayendedwe ka mlendo mumzinda wa m'chipululu cha Thar

Jaisalmer ili kumadzulo kwenikweni kwa India, m'chigawo cha Rajasthan, kumene msewu ndi njanji zimayamba kutopa zisanafike malire a Pakistan. Mzinda wonse anaumanga ndi mwala wa mtundu umodzi wachikasu umene amakumba konko. M'mawa mwalawo umaoneka ngati uchi, masana umachita mbuu ngati phulusa, dzuwa likapendeka umayaka ngati golide. Alendo ambiri amatsika sitima m'mawa, kujambula linga dzuwa lili paliwombo, kukwera ngamila madzulo, mawa lake ulendo. Amabwerako ndi zithunzi zotuwa ndi msana wopweteka. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kupatsa mzindawu masiku atatu, ndi kuyenda motsatira dzuwa monga amachitira eni ake.

Choyamba, sankhani mwezi

Pitani pakati pa Okutobala ndi Malichi. Mu Meyi ndi Juni kutentha kumapitirira madigiri 45, moti ngakhale wa ku Nsanje amagonja. Koma musanamizidwe ndi dzina loti chipululu: mu Disembala ndi Januwale usiku kumazizira mpaka madigiri 5 kapena kutsikirapo, choncho juzi yokhuthala ndi chipewa cha ubweya zikhale m'chikwama. Mu Febuluwale, mwezi ukakhala wathunthu, kumachitika Desert Festival, kumene kumakhala mijaho ya ngamila, mpikisano womanga nduwira ndi wa ndevu za pamlomo. N'zosangalatsa, koma malo ogona amadula ndipo amadzaza msanga.

Chachiwiri, mapepala ndi ndalama

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia angathe kupempha e-Visa pa intaneti. Onetsetsani kuti tsamba limene mwalowa ndi la boma la India, lothera ndi gov.in, chifukwa pali masamba ena ofanana nalo amene amalipiritsa ndalama zoonjezera. Chilolezo chikabwera pa imelo, chisindikizeni papepala. Ndege zochokera ku Lilongwe zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo maiko awiri onsewa ali m'gulu la maiko a yellow fever, choncho kakhadi kachikasu ka katemera kasasiyane ndi pasipoti. Funsaninso ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe za katemera wa poliyo nthawi ikadalipo.

Kwacha sasintha ku India. Yambani msanga kukambirana ndi banki yanu za madola, poti tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza. Mukafika, sinthani marupee ndipo limbikirani kuti akupatseni ang'onoang'ono: ma 10, 20, 50 ndi 100. Eni dziko amalipira pafupifupi chilichonse pafoni, mpaka tiyi wa m'mbali mwa msewu, moti wogulitsa nthawi zambiri sakhala ndi chenji cha 500. Ndalama yong'ambika muikane pomwepo, chifukwa inunso akakukanirani kutsogolo.

Zing'onozing'ono ziwiri: mapulagi athu a mano atatu amakona salowa m'masoketi a ku India, amene mabowo ake ndi ozungulira, ndiye gulani adaputala. Ndipo nthawi ya kumeneko ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka. Theka limenelo lasokoneza ambiri pa nthawi ya sitima.

Chachitatu, njira

Kuchokera ku Delhi, sitima imatenga usiku wonse ndi gawo la tsiku, maola ngati 18. Ine ndimakonda kuudula ulendowu pawiri: kugona ku Jodhpur, kenako kutsiriza makilomita pafupifupi 290 otsalawo, amene pa sitima ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi kudzera ku Phalodi ndi Pokhran. Pokhran ndi kumene India anayesera mabomba a nyukiliya mu 1974 ndi 1998, koma pawindo mudzangoona minga, mbuzi ndi mchenga.

Matikiti amagulidwa pa IRCTC, tsamba la pa intaneti la sitima za ku India, ndipo amatha msanga, choncho musadikire sabata yomaliza. Tengani kalasi ya 3A kapena 2A, momwe mawindo ndi otseka ndipo amapereka mashiti ndi bulangete. Kalasi ya Sleeper ndi yotchipa, koma mawindo ake amalowetsa fumbi la chipululu usiku wonse, ndipo mumatsika nsidze zili mbuu ngati mwachokera kuchigayo.

Pasiteshoni mudzakumana ndi madobadoba. Wina adzakuuzani kuti hotelo yanu inatsekedwa, wina kuti inapsa, wina adzalonjeza kukunyamulani ulere. Onsewo akufuna kukufikitsani kumene amalandira kangachepe, ndipo chipinda chotchipa modabwitsa chimakhala nyambo yoti akugulitseni ulendo wa ngamila. Uzani hotelo yanu ikutumizireni munthu wonyamula pepala la dzina lanu, apo ayi kwerani auto, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, mutagwirizana mtengo musanakhale pansi. Mawu awiri akuthandizani sabata yonse: "kitna?" kufunsa mtengo, ndi "nahi chahiye", kutanthauza kuti sindikufuna.

Chachinayi, gonani kunja kwa linga

Apa ndiima pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani ya mzindawu. Lingali analiyamba Rawal Jaisal, mfumu ya a Rajput a fuko la Bhati, mu 1156, pa phiri la Trikuta. Lili ndi nsanja zozungulira 99, ndipo mbali yaikulu ya makoma ake ndi miyala yolumikizana bwino popanda matope omangira. Chodabwitsa n'chakuti mpaka lero mkatimo mukukhala anthu zikwi zingapo, mabanja amene makolo awo ankatumikira mafumu. Muli masitolo, akachisi, ng'ombe, ana opita kusukulu ndi zovala zoyanikidwa pazingwe. Mu 2013 UNESCO inaliika pamndandanda wa malo a mbiri a dziko lonse, pamodzi ndi malinga ena asanu a m'mapiri a Rajasthan.

Vuto ndi madzi. Kuderali mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita 200 kapena kuchepera, ndipo amene anamanga lingali ankawerengera anthu osamba ndi kachidebe kamodzi, madzi otsalawo n'kumwetsa ziweto. Ngalande zake anazikonzera madzi ochepa otero. Mipopi itafika, mahotelo n'kutsegulidwa mkati, aliyense n'kuyamba kusamba pashawa, madzi otayika anayamba kulowa pansi. Phirilo ndi la dothi lofewa, ndiye likanyowa limatitimira, makoma n'kung'aluka. Zigawo zina za linga zinagwa kale, ndipo bungwe loteteza malo akale la World Monuments Fund linaliika m'gulu la malo amene ali pangozi mu 1996.

Ena amati kugona mkati kumapatsa ndalama mabanja a mmenemo, ndipo sakunama. Koma ndalama imeneyo mungaisiyenso podya, pogula ndi polemba ntchito wokuyendetsani wa mkati momwemo. Ine ndimagona kunja, cha ku Gandhi Chowk kapena pafupi ndi chipata chachikulu, ndipo phindu lake ndi lina: muli mkati simuliona linga. Hotelo zambiri za kunja zili ndi malo odyera padenga, pamene phiri lonse limakhala pamaso panu usiku atayatsa magetsi. Pofika adzakupemphani pasipoti kuti alembe Form C, imene lamulo limafuna kwa mlendo aliyense wakunja. Musadabwe nazo.

Chachisanu, tsiku loyamba: linga

Dzukani mamawa, mukhale pachipata nthawi ya 8 isanakwane. Kulowa m'linga n'kwaulere, mumalipira pa nyumba yachifumu ndi pa akachisi basi. Njira yokwera imadutsa zipata zinayi, Akhai Pol, Suraj Pol, Ganesh Pol ndi Hawa Pol, ndipo imakhota mwadala kuti mdani amene wathyola chipata choyamba asaone chachiwiri, njovu yake isapeze pothamangira. Kwezani maso pamakoma, mudzaona miyala yobulungira ngati maungu itandandalikidwa m'mphepete. Imeneyo inali yogubuduzira adani. Miyala ya pansi ndi yoterera chifukwa cha mapazi a zaka mazanamazana, ndiye valani nsapato zogwira, ndipo tcherani khutu ku njinga zamoto zimene zimatsika mosasamala.

Mukatuluka pa Hawa Pol mwafika pa bwalo la Dussehra Chowk. Nyumba yachifumu ili pomwepo, koma isiyeni kaye. Yambani ndi akachisi asanu ndi awiri a chipembedzo cha Jain, chifukwa alendo amaloledwa m'mawa mpaka cha m'masana. Ambiri anamangidwa m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 ndi ndalama za amalonda olemera. A Jain amapewa kupha chamoyo chilichonse, choncho pakhomo mumavula nsapato ndi kusiya chilichonse cha chikopa: lamba, chikwama, ngakhale kalamba ka wotchi. Ndinaona bambo wina wa ku Ulaya akuzungulira kachisi yense dzanja limodzi litagwira thalauza. Valani zosafuna lamba, zophimba mapewa ndi maondo.

Mkatimo musathamange. Khalani pansi pa denga lozungulira la kachisi wa Chandraprabhu, muyang'ane kumwamba mpaka khosi liwawe. Pamwala pali ovina, oimba ng'oma, njovu, maluwa, chilichonse chosemedwa mpaka zibangili za m'miyendo. Pansi pa kachisi wa Sambhavnath pali Gyan Bhandar, kachipinda kosungira mabuku akale olembedwa pamanja, ena pa masamba a mgwalangwa. Ngati mukufuna kupereka kanthu, ikani m'bokosi la zopereka, monga zikwangwani za mmenemo zimanenera.

Nyumba yachifumu ndiye ibwere pambuyo. Mlendo wakunja amalipira zambiri kuposa mwini dziko, ndipo ndi mmene zilili pa malo ambiri otere ku India, kukangana n'kutaya nthawi. Zipinda zake si zonse zokopa, koma denga lake ndi malo okwera kwambiri, ndipo kuchokera pamenepo mumaona mzinda wonse, chipululu, ndi makina amphepo opangira magetsi atazungulira mbali zonse. Nthawi yotsalayo ingosocherani m'tinjira. Linga ndi laling'ono, simungatayike kwa nthawi yaitali, ndipo kanjira kalikonse kamathera pakhoma pamene pali mzinga wakale ndi mphepo yabwino. Kumbukirani kuti mukuyenda pamakomo pa anthu. Pemphani musanajambule mayi amene akutsuka mbale pakhonde pake. Moni wa kumeneko ndi "khamma ghani" kapena "Ram Ram sa", manja mutawaphatikiza pachifuwa.

Inunso mudzajambulidwa. Munthu wakuda saoneka kawirikawiri kumeneko, ndiye ena adzakuyang'anitsitsani, ena adzapempha selfie, ena adzakufunsani ngati ndinu a ku West Indies chifukwa cha cricket. Ambiri ndi chidwi chabe. Mukatopa nazo, kanani mwaulemu n'kupitiriza ulendo.

Kuyambira 12 koloko mpaka 3, chitani zimene eni mzinda amachita: idyani, gonani.

Madzulo pitani ku Gadisar, dziwe limene Rawal Gadsi Singh anakonza m'zaka za m'ma 1300 kuti lizikolola madzi a mvula. Kwa zaka mazana ambiri mzinda wonse unkamwa pamenepa. Chipata chake chokongola, Tilon ki Pol, akuti anamangitsa ndi mayi wina wovinira mafumu dzina lake Tilon. Mfumu inaipidwa kuti izidutsa pansi pa chipata cha mkazi wotero, koma iye anaika kakachisi ka Krishna, mulungu wa Chihindu, pamwamba pake, ndipo palibe amene akanalimba mtima kugwetsa.

Chachisanu ndi chimodzi, tsiku lachiwiri m'mawa: nyumba za amalonda

Chuma cha Jaisalmer chinachokera ku misonkho ya ngamila zonyamula silika, zonunkhiritsa zakudya ndi opium pakati pa India, Persia ndi Arabia. Malonda atasamukira ku doko la Bombay (lero Mumbai), kenako malire a India ndi Pakistan a mu 1947 n'kutseka njira ya kumadzulo, mzinda unagona tulo. Umphawi umenewo ndi umene unasunga nyumba zakale, poti panalibe wa ndalama zogwetsera n'kumanga zatsopano.

Nyumba zimenezi amazitcha haveli, ndipo zitatu zotchuka zili kunja kwa linga, moyandikana moti mumayenda wapansi. Ngati nthawi ndi yochepa, Patwon ki Haveli yokha ikukwanirani. Ndi nyumba zisanu zogundizana zimene Guman Chand Patwa anayamba kumangira ana ake aamuna asanu mu 1805. Imani mumsewu kaye muyang'ane makonde ang'onoang'ono a m'mwamba ndi mazenera a mwala obowolabowola ngati nsalu yoluka. Mabowowo si okongoletsa chabe: amasefa dzuwa, amalowetsa mphepo, ndipo amayi a m'nyumba ankaona za mumsewu iwo osaoneka. Mukalowa, gwirani khoma la chipinda chapansi, mudzamva kuzizira ngakhale kunja kukutentha.

Nathmal ki Haveli ili ndi kamasewera kake. Anasema ndi amisiri awiri apachibale, wina kuyambira kumanja wina kumanzere, ndipo mbali ziwirizo zimafanana mukaona patali koma zimasiyana mukayandikira. Imani pakati pa njovu ziwiri za mwala za pakhomo muyambe kuwerenga kusiyanako. Ya Salim Singh, nduna yaikulu imene anthu amaikumbukira ndi nkhanza, ndi yopapatiza pansi n'kutambasuka pamwamba. Kuiona kunja n'kokwanira.

Chachisanu ndi chiwiri, chipululu

Apa ndi pamene ndalama za alendo zimatayikira. Malo otchuka ndi Sam, makilomita ngati 40 kumadzulo. Milu ya mchenga ya kumeneko ndi yaikulu ndithu, koma madzulo kumakhala ngati msika: magalimoto a jeep akuthamangitsana, zimkuzamawu, ogulitsa zakumwa, mahema mazanamazana. Ngati mumakonda phokoso ndi magule, pitani. Ngati mukufuna bata, funsani za Khuri, makilomita ngati 50 kumwera chakumadzulo, kapena ulendo wopita ku milu ing'onoing'ono kumene magulu ena safika.

Ulendo wanga woyamba ndinaugula kwa mnyamata wa pahotelo ina, wolankhula mokoma, amene anandilonjeza maola atatu pangamila ndi kugona pansi pa nyenyezi kopanda munthu wina. Ndinakwera ngamila mphindi makumi awiri, ndipo ndinagona kuseri kwa jenereta ya kampu ya ukwati. Kulakwa kunali kwanga, sindinafunse. Inu funsani, ndipo mayankho alembedwe papepala kapena pa WhatsApp musanalipire: tikupita malo ati, pagulu tilipo angati, pangamila ndi nthawi yaitali bwanji, tigona muhema kapena panja, mabulangete ndi angati, madzi akumwa ndi a ndani, tibwerera nthawi yanji. Perekani theka, theka linalo pobwera.

Ngamila imadzuka ndi miyendo yakumbuyo poyamba. Ikangoyamba kusuntha, gwirani kachitsulo ka pachishalo ndipo tsamirani kumbuyo, apo ayi mudzapsompsona khosi lake. Valani thalauza lalitali chifukwa ubweya wake umakanda, ndipo ola limodzi ndi theka ndi lokwanira kwa munthu wosazolowera. Yang'anani nyamayo musanakwere: ngati ili ndi zilonda pamphuno kapena pamsana, pemphani ina. Woyendetsa ngamila amalandira zochepa pa ndalama imene mwalipira mumzinda, ndiye kangachepe kake mumpatse m'manja mwake.

Usiku wa kumeneko ndi umene mudzaukumbuke. Amakoleza moto wa tizitsamba touma, n'kuphika chapati ndi ndiwo zamasamba pomwepo, mbale n'kutsuka ndi mchenga mpaka kuwala. Mukachita mwayi kudzabwera oimba a fuko la Manganiyar, Asilamu amene kwa mibadwo yambiri akhala akuimbira mabanja a Chihindu, ali ndi kamaicha, chipangizo cha zingwe chokhala ngati kaligo wamkulu, ndi timatabwa ta khartal timene amaombanitsa m'manja mwaliwiro losaoneka. M'mawa kutumulani nsapato musanavale.

Panjira yopita kapena yobwerera, uzani dalaivala aime pa Kuldhara, mudzi wa anthu a fuko la Paliwal umene unasiyidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Nthano imati anathawa usiku umodzi chifukwa Salim Singh uja ankafuna mwana wamkazi wa mfumu ya mudzi. Ofufuza ena amaloza ku misonkho ndi kuuma kwa zitsime. Mukayenda m'misewu yake yowongoka bwino, pakati pa nyumba zopanda madenga, nkhani ya zitsimeyo imamveka kwambiri.

Chenjezo limodzi lisakuphonyeni. Dera la kufupi ndi malire lili m'manja mwa asilikali, ndipo mlendo wakunja saloledwa kungopita kulikonse. Sam, Khuri, Kuldhara, Lodurva ndi Bada Bagh n'kololedwa, koma kulowera ku Tanot ndi Longewala, kumene kunamenyedwa nkhondo mu 1971, kumafuna chilolezo. Musajambule malo a asilikali, musaulutse drone, ndipo foni ya satellite musabwere nayo n'komwe ku India, anthu amamangidwa nayo pabwalo la ndege.

Za m'mimba ndi za m'sitolo

Chakudya cha kuno ndi cha dziko losowa madzi. Lawani ker sangri, tizipatso ndi nyemba zouma za mitengo ya m'chipululu zophikidwa ndi zonunkhiritsa, pamodzi ndi chapati ya ufa wa mchewere. Dal baati churma ndi mabanzi olimba owotcha, oviikidwa m'mafuta a mkaka, odyera mphodza. Wokonda nyama afunse laal maas, koma tsabola wake amaposa kambuzi, ndiye nenani "mirchi kam" kuti achepetse. Kudya ndi dzanja lamanja sikutivuta ife a nsima. Madzi imwani a m'botolo lotseka, ndipo pewani ayezi.

Makhaniya lassi ndi chambiko chokhuthala chotsekemera, chabwino kwambiri masana. Koma pafupi ndi chipata cha linga pali sitolo yololedwa ndi boma yogulitsa bhang lassi, ndipo bhang ndi chamba. Musamwe mosadziwa, ndipo musayerekeze kunyamula mabisiketi ake popita kwanu.

Pogula nsalu zopeta ndi timagalasi, zikwama kapena ndolo zasiliva, kunenerera ndi mwambo, monga pamsika wa kaunjika. Yambani pa theka la mtengo umene watchulidwa, mukuseka, ndipo musanenerere chinthu chimene simukufuna kugula. Mukalowa m'sitolo ndi dalaivala kapena wokuyendetsani, dziwani kuti gawo lake lili kale mumtengomo. Adzakuonetsaninso timakapu ta mwala wa Habur, wofiirira wokhala ndi zidindo za tizamoyo takale ta m'nyanja, n'kukuuzani kuti mukathiramo mkaka umasanduka chambiko. Gulani chifukwa n'tokongola.

Tsiku lachitatu

Mukabwerako ku chipululu cha m'ma 11, sambani, pumulani. Dzuwa likapepa pitani ku Bada Bagh, makilomita 6 kumpoto, kumene kuli tinyumba ta zipilala tokumbukira mafumu amene anamwalira, kalikonse kali ndi mwala wosemedwa munthu ali pakavalo. Ngati mphamvu zatha, Vyas Chhatri, malo enanso a tinyumba totere, ili m'mphepete mwa mzinda momwemo ndipo imayang'anizana ndi linga. Fikani kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lilowe, khalani kumbali yoti dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo dikirani mphindi khumi zomaliza zija pamene phiri lonse limasanduka lofiirira.

Pobwerera dzerani pamsika mugule ghotua, timipira totsekemera ta ufa wa tchana ndi mkaka timene ndi ta ku Jaisalmer konko. Satha kuonongeka msanga, ndipo sitima ya usiku yopita ku Jodhpur ndi yaitali. Fikani pasiteshoni kutatsala mphindi 40, yang'anani nambala ya bogi yanu pa tikiti, ndipo juzi ija ikhale pamwamba m'chikwama.